Anachapa mitundu ya mwana wanga

Lachitatu la sabata yatha, nthawi itangokwana teni koloko m'mawa, ndinali nditakhala pa benchi m'kashopu kokonzera makompyuta pa Mtunthama. Mwini shopuyo, a Kamanga, anatsegula laputopu ya mwana wanga, malemu Tiyamike, n'kudina batani loyatsira. Ndinasendera pafupi monga ndinkachitira kunyumba. Galasi linawala. Panatuluka phiri loyera la kudziko lina, phiri limene ine kapena mwana wanga sitinalionepo.

"Si yake iyi," ndinatero.

"Ndi yomweyo, amama," anatero a Kamanga akumwetulira. "Onani pakona apa pamene inang'aluka. Tangoichapa basi. Tsopano ikuthamanga ngati yatsopano."

Sananame. Inali yomweyo, ndipo anali ataichapadi.

Inu owerenga tsamba lino mwazolowera kuti ndimakamba za feteleza wochedwa, za mijigo yofa ndi za ana a matenanti amene amasiya sukulu fodya akakhwima. Lero mundilole ndikambe za mitundu. Sindinapenge ayi. Ndikufuna ndikuuzeni zimene zinali pa galasilo phiri lachilendolo lisanabwere.

Tiyamike ndiye mwana wanga yekhayo amene anakula. Ankagwira ntchito yotayipa pa Mtunthama pomwepo: makadi a ukwati, mayeso a ana a sukulu, mapulogalamu a maliro a anthu ena. Loweruka akabwera kumudzi kuno kwa Kaomba, ankakhala pakhonde, laputopu ili pamiyendo, n'kumapanga chinthu chimene ankachitcha wolopepa. Ndi chithunzi chija chimakhala kumbuyo, chimene umayamba kuona ukangoyatsa kompyuta usanatsegule china chilichonse.

Koma zake sizinali ngati za anthu ena. Panalibe nkhope, panalibe nyumba, panalibe mawu. Panali mitundu yokhayokha, wina ukusungunukira mwa unzake.

Tsiku loyamba kuziona ndinamufunsa kuti, "Nanga munthu ali pati pamenepa?"

"Palibe munthu, amayi."

"Ndiye tiziyang'ana chiyani?"

"Palibe choyang'ana. Ndi poti maso apumirepo. Tsiku lonse ndimaona zilembo."

"Ine tsiku lonse ndimaona mizere ya m'munda, koma sindinajambulepo mpanda wopanda kanthu kuti ndipumirepo."

Anaseka mpaka laputopu inatsala pang'ono kugwa.

Ndinkakhala pambali pake ndikusenda mtedza, ndipo pang'ono ndi pang'ono ndinaona mmene ankachitira. Ankayamba wajambula chinthu ndi foni. Chithunzicho akachilowetsa mu kompyuta, ankatenga kachida kooneka ngati kabotolo kodonthezera mankhwala m'maso. Ndi kameneko ankatapa mtundu pamalo amodzi, n'kutapa wina pamalo ena. Kenako ankataya chithunzi chonse chija, n'kutsala ndi mitundu yokha. Akakoka mzere kuchokera pamwamba pa galasi mpaka pansi, mitunduyo inkayenda yokha kukakumana pakati. Sungaloze pamene wina wathera ndi pamene wina wayambira.

Nthawi zina pankatuluka timizeremizere pakati, ndipo ankakwiya. "Onani, amayi, yadukaduka ngati masitepe." Ine sindinkaona kanthu. Iye ankawazapo tinthu ting'onoting'ono ngati fumbi mpaka timizereto titabisika. Ankatha masana onse akusuntha mtundu umodzi, kukweza pang'ono, kutsitsa pang'ono.

Inu alimi a fodya wa bale mukumva zimene ndikunena. Tsamba likapachikidwa m'chigafa silichoka pa kubiriwira n'kudumphira pa kufiira. Limayamba kuyezuka m'mphepete, chikasu chimalowa, kenako kufiirira kumabwera mwakachetechete kuchokera kunsonga, mtsempha wapakati udakali wauwisi. Wolopepa wake woyamba anautenga pa tsamba lotero. Wina anautenga pa fumbi la mseu wa ku Kapelula mwezi wa Okotobala. Wina pa mkati mwa papaya. Wina pa chitenje changa cha chigwirizano chimene chinasuluka ndi dzuwa.

Womaliza anaupanga akudwala kale. Ntchito anali atasiya, ali kuno kumudzi, akugona pamphasa pakhonde chifukwa m'nyumba ankati mukumupanikiza. Inali nthawi yothyola fodya. Ndinafika kuchokera kumunda manja ali bii ndi utomoni wa masamba, ndikulunjika ku ndowa.

"Amayi, musasambe kaye. Bweretsani dzanja."

"Dzanja lakuda chonchi? Ukufuna anthu aziti mayi ako sasamba?"

"Palibe adzadziwe kuti ndi dzanja. Tembenuzani. Ayi, pang'ono. Basi, gwirani pomwepo."

Anajambula m'mbali mwa dzanja, pamene khungu lakuda la kumbuyo limakumana ndi loyera la m'chikhatho. Anatapa mtundu kumbuyo, anatapa pa utomoni, anatapa m'chikhatho. Zinamutengera masiku, chifukwa ankatopa msanga. Atamaliza anandiitana n'kutembenuza galasi.

"Awa ndinu," anatero.

Sindinaone dzanja. Ndinaona mdima wofunda pamwamba, ukutsika n'kusanduka wobiriwira ngati madzi a padambo, n'kukathera pansi poyera mofiirira. Koma anati ndine, ndipo ndinavomera.

Anamwalira tikusankha fodya.

Maliro atatha, anthu atabalalika, laputopu inatsala m'nyumba mwanga. Ine sukulu ndinalekera panjira, za kompyuta sindizidziwa. Ndinkadziwa zinthu ziwiri zimene anandiphunzitsa: kuilumikiza ku batire ya sola, ndi kudina batani loyatsira. Mwana uja anali atakonza kuti mitundu izisinthana yokha. Ukayatsa, umabwera wina, pakapita kanthawi umabwera wina. M'mawa uliwonse ndisananyamule khasu, ndinkayatsa n'kukhala pampando. Papaya ankadutsa. Fumbi linkadutsa. Ndinkadikira mpaka dzanja litafika. Likafika ndinkazimitsa n'kupita kumunda.

Sindinauze munthu aliyense. Mukanakhala inu mukanawauza chiyani anthu? Kuti mumacheza ndi galasi lopanda chithunzi?

Malonda a fodya atatha, achimwene anga a Phiri, amene ndi eni mbumba kwathu, anaitanitsa abale kuti tigawe katundu wa malemu. Mwambo mukuudziwa. Zovala zinapita kumjigo, zinachapidwa, zinayanikidwa pa chingwe, ndipo madzulo ake aliyense analandira kake. Mbale zinatsukidwa. Nsapato zinapukutidwa. Pomaliza panatsala laputopu ili pamphasa pakati pathu.

Panalibe mkangano. Yohane, mwana wa mng'ono wanga, anali atapeza malo ku koleji ku Lilongwe, ndipo ankafunika kompyuta. Ine sindikanakana. Tiyamike ankamukonda ngati wobadwa naye mimba imodzi, ndipo chinthu chogwirira ntchito sichiyenera kukhala ndi munthu wodziwa batani limodzi.

Achimwene anaiyang'ana nthawi yaitali, kenako anati, "Chinthu cha malemu sichilowa m'manja mwa wamoyo chisanachapidwe. Zovala tachapa. Nanga ichi titani nacho?"

"Tichinyike mu ndowa, alamu, tithiremo ndi sopo," anatero mwamuna wa mng'ono wanga.

Anthu anaseka. Kanali koyamba kumva kuseka pabwalo langa chichokereni maliro, ndipo nanenso ndinaseka.

Yohane anati, "Malume, makompyuta amachapidwa popanda madzi. Pa Mtunthama pali munthu amafufuta zonse n'kuikamo zatsopano."

"Ehe! Ndiye kuchapa kwake kumeneko," anatero achimwene, mtima uli m'malo kuti mwambo wapeza njira.

Ine ndinati, "Koma za m'kati musataye."

"Zonse azisunga pa fulashi, amayi aakulu. Musadandaule. Fulashiyo ikhala yanu."

Lolemba Yohane ananyamula laputopuyo. Lachitatu ndinakwera njinga yamoto pamodzi ndi achimwene kukatenga fulashiyo, ndi kukaona mitundu ija komaliza laputopu isanapite ku Lilongwe. Ndi mmene ndinapezekera pa benchi ija.

A Kamanga ataona nkhope yanga, anathamangira kulowetsa fulashi. "Musaope, amama, zonse zili muno. Onani." Anayamba kutsegula. Tiyamike ali mu yunifolomu ya sukulu. Tiyamike ali ndi anzake a kwaya. Tiyamike pa ukwati wa mnzake, atavala diresi lobwereka. Ine nditanyamula thumba la chimanga pamutu, sindikudziwa kuti akundijambula.

"Nanga mitundu?" ndinafunsa.

"Mitundu iti?"

"Ija yopanda anthu."

Anakanda m'mutu. "Aa, zija? Ndinaziona. Zinalipo zambirimbiri. Ndinatsegula zingapo, koma munalibe munthu, munalibe nyumba, ngakhale nkhuku munalibe. Ndinati ndi zithunzi zimene zinadyedwa ndi vairasi. Fulashi inali itadzaza, ndiye ndinasankha zenizeni."

Zenizeni.

Achimwene anandigwira paphewa. "Naphiri, nkhope ya mwana ndi iyo ili apoyo. Ukufunanso chiyani? Anthu ena alibe ngakhale chithunzi chimodzi."

"Nkhope ndinamupatsa ndine, achimwene. Zija anandipatsa ndi iye."

Anatuluka panja kukaima pamthunzi.

Ndisawanamizire a Kamanga. Atamva kuti anali Tiyamike amene ankazipanga ndi manja ake, anasiya ntchito zonse zimene zinali patebulo. Anthu obwera ndi mafoni anawabweza. Analowetsa mawaya, anatsegula izi ndi izo, thukuta lili kamukamu. Anandifotokozera kuti zatsopano zimene anaikamo zinakhala pamwamba pa zakale, monga mmene mizere ya chaka chino imakwirira ya chaka chatha. Dzuwa litapendeka anatulutsa tizidutswa, theka lotuwa, theka lakuda. Palibe chimene ndinachizindikira.

"Amama, pepani. Ndalakwa ndine," anatero. "Koma zimenezi si zovuta kupanga. Mundiuze mitundu yake, ndikupangireni pompano."

Ndinamuuza za dzanja. Anatenga foni yake, anandijambula m'mbali mwa dzanja, anatapa apa, anatapa apo, anakoka mzere. Madzi a tiyi sakanawira n'komwe, anali atamaliza. Anatembenuza galasi.

"Sichomwecho?"

Ndinayang'ana. Pamwamba panali pakuda, pansi poyera mofiirira. Utomoni panalibe chifukwa ino si nthawi yothyola, ndiye anaikapo kubiriwira kwa m'mutu mwake.

"Kubiriwiraku kunali kotere, kapena kodera pang'ono?" anafunsa.

Ndinayandikitsa nkhope pa galasi.

"Kunayambira pakati penipeni, kapena m'munsi?"

Owerenga anga, apa ndi pamene ndinathera mphamvu. Chinthu chimene ndinachiyang'ana m'mawa uliwonse chichokereni maliro, sindinathe kunena ngati kubiriwira kwake kunali pakati kapena m'munsi. A Kamanga anakweza, ndinati mwina. Anatsitsa, ndinati mwina. Anapanga kodera, kunaoneka ngati komweko. Anapanga kowala, nakonso kunaoneka ngati komweko. Chilichonse chinkafanana nacho, ndipo palibe chimene chinali chomwecho.

Nkhope ukaiwala, chithunzi chimakukumbutsa. Nyimbo ukaiwala, wina amakuyambitsira. Nanga mtundu umene uli pakati pa mitundu iwiri, wopanda dzina, amene anausankha ali m'manda, ungaufunse kwa yani?

Ndinawauza kuti afufute. Sindinafune kuti ndizolowere chabodzacho mpaka chidye malo a chenicheni m'mutu mwanga.

Sindikulemba izi kuti ndinyoze mwambo. Zovala za malemu ziyenera kuchapidwa, ndipo ndinachapa nawo. Malaya ukawachapa amakhalabe malaya. Fungo limachoka, thukuta limachoka, koma nsalu imatsala, ndipo ukaona mwana wa mng'ono wako atavala umadziwa kuti anali a uje. Makolo athu ankachapa zinthu zimene zimatsala zikachapidwa.

Ana a masiku ano sasunga moyo wawo m'sutikesi. Amausunga m'mafoni ndi m'makompyuta. M'menemo ndi mmene muli mawu awo, nthabwala zawo, ntchito za manja awo. Ife akuluakulu amene timakhala pamphasa kugawa katundu sitidziwa zimene zili m'katimo. Achinyamata amene amadziwa, maso awo ali pa chipangizocho, kuti chithamanga bwanji, chili ndi malo ochuluka bwanji. Wokonza naye amafunsa funso limodzi: tifufute? Ndipo tonse timavomera ndi mtima woyera, aliyense akuganiza kuti akuchita bwino.

Pa esiteti yoyandikana nafe pali mayi wina, tenanti wochokera ku Phalombe. Mwamuna wake anamwalira chaka chatha. Mu foni yake munali mawu amene ankatumizira ana kumudzi, akuwapatsa moni, akuwakalipira za sukulu. Abale atabwera kumaliro anatenga foniyo, anaifufuta n'kupatsa mphwake sabata yomweyo. Mayiyo atandiuza, ndinamupepesa monga timapepesera. Sindinamve. Tsopano ndamva, ndipo palibe chimene kumvako kwandithandiza.

Iye anataya mawu, chinthu chimene aliyense angavomereze kuti n'chamtengo. Nanga changa? Ndikauza anthu kuti ndikulira mitundu, amayang'ana pansi. Amayi anzanga a kutchalitchi anabwera kudzandiona, ndipo mmodzi anati, "Mayi, limbani mtima, zinali zokongoletsa chabe." Sananene mwankhanza. Ndi mmene tonse tinaleredwera. Chinthu chimene sungadye, sungavale, sungagulitse, komanso chopanda nkhope ya munthu, kwa ife si chinthu.

Chimene chikundidabwitsa n'chakuti ife anthu a kuno timadya mitundu. Chaka chonse timakhala m'zigafa kusiyanitsa tsamba lofiira ndi lofiirira, lowala ndi lodera. Mwana wa zaka zochepa amadziwa kuti ili silipita pamodzi ndi ilo. Koma timayang'ana mtundu kuti tidziwe giredi yake basi. Mtundu ukangokhala wokha, wopanda belo, wopanda wogula, maso athu amauona ngati chithunzi chowonongeka.

Tikakhala pamphasa timafunsa kuti ichi chipita kwa yani. Ndani anafunsapo kuti ichi chinali chiyani kwa malemu? Ndani amafunsa mayi kuti m'mawa mumatani nacho chinthu ichi? Achimwene akanandifunsa, mwina ndikanachita manyazi, koma ndikanayankha. Sanafunse, ndipo ine ndinangoti za m'kati musataye, ngati kuti aliyense amadziwa za m'kati zimene ndikunena.

Ndilibe chiyembekezo chakuti zisintha. Sabata ino pena pake m'boma lino banja lina likhala pamphasa, foni ili pakati, ndipo wina anena kuti ikachapidwe. Adzasunga nkhope n'kutaya zina zonse. Mayi wake adzazindikira atakhala kale pa benchi.

Tikutuluka m'shopu muja, a Kamanga ananditsatira mpaka pakhomo. Anali asakumwetuliranso.

"Amama, ndakumbuka chinthu. Mwana wanu akamatayipira anthu, ankakonda kuwaikira zimenezi pa makompyuta awo. Ankati ndi basela. Aphunzitsi, a m'magolosale, makalaliki a m'maesiteti. Ineyo ndinachotsapo zingapo anthu atabwera kudzakonzetsa, osadziwa kuti ankazipanga yekha. Mwina ena akadali nazo."

"Ya dzanja anaipanga atasiya kale ntchito," ndinatero.

"Ndiye imeneyo ayi. Koma mwina zinazo."

Imeneyo ayi. Ndinadziwa pomwepo kuti dzanja lapita, ndipo silidzabwera. Koma papaya, fumbi, tsamba la m'chigafa, chitenje chosuluka, mwina chimodzi chili pa tebulo la munthu wina amene sadziwa kuti ndi chiyani.

Loweruka Yohane anabwera kudzatsanzika, laputopu ili m'chikwama. Anagwada pakhomo, osatha kundiyang'ana.

"Amayi aakulu, ndikanadziwa..."

"Ukanadziwa bwanji? Pita ukaphunzire. Uikepo chimene ukufuna."

Lachinayi ndi Lachisanu ndinali nditayamba kale kuyenda. Ndinalowa mu golosale ina, ndinapempha mwini wake kuti atseke zonse zimene amagwira ndione kumbuyo. Anandiyang'ana ngati ndabwera kudzaba, koma anatseka. Panali galimoto yofiira. Kwa mphunzitsi wina panali mwana wake wakhanda. Kwina panali timu ya mpira, kwina vesi la m'Baibulo.

Kalaliki wa pa esiteti ina ndi amene anakumbuka. "Eya, mtsikana wotayipa uja. Anandiikira zofiirira zinazake, zotsika ngati fumbi. Zinakhalitsa ndithu. Ndinachotsa mwezi wathawu, zinkandigonetsa tulo masana."

"Simunasunge pena?"

"Ndisungirenji, mayi? Munalibe kanthu."

Ndinathokoza n'kutuluka.

Ngati muli ndi kompyuta ndipo munatayipitsapo kanthu pa Mtunthama zaka zapitazi, tsekani zonse zimene mwatsegula muyang'ane kumbuyo. Mukaona mitundu yopanda munthu, wina ukulowa mwa unzake popanda mzere, musachotse. Sindikupempha kuti mundipatse. Ndingobwera kudzaona.

Mpaka lero sindinapeze ngakhale imodzi. M'mawa ndimalima. Masana ndimasamba, ndimavala chitenje chabwino, ndimakwera njinga yamoto, ndipo ndimalowa m'maofesi ndi m'mashopu kupempha anthu osandidziwa kuti andionetse kumbuyo kwa magalasi awo.